Kuchulukitsa amakhoza, kugawa amakhoza, koma zikasakanikirana amalakwa

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo. Akuti mwana wawo wamkazi wa zaka 9 matebulo a kuchulukitsa amawadziwa bwino. Akamupatsa tsamba la masamu ochulukitsa okhaokha amakhoza pafupifupi onse, ndipo ogawa okhaokha amakhozanso. Koma aphunzitsi atapereka masamu osakaniza, analakwa ambiri, ndipo pa 24 ÷ 4 × 3 analemba 2. Funso la mayiwa ndi lakuti: "Kodi ndimubwezere ku matebulo, ayambirenso kuloweza?"

Ayi, Mayi, musamubwezere. Matebulo ali nawo kale m'mutu. Chomwe sanazolowere ndi kusankha yekha kuti apa ndichulukitse, apa ndigawe.

Tsamba lonse likakhala la kuchulukitsa, mwana amayang'ana chizindikiro pa samu yoyamba yokha, kenako maso amangothamangira manambala. Ndinaziona ndekha kwa mnyamata wina yemwe ndinkamuthandiza masamu. Atamaliza masamu khumi ochulukitsa, ndinamulembera 12 ÷ 3 pamzere wotsatira, ndipo iye analemba 36 osaphethira n'komwe. Nditamulozera chizindikirocho ndi nsonga ya pensulo anagwira pakamwa. Kugawa ankakudziwa, koma tsambalo linali litamuzoloweza kusayang'ana. Doug Rohrer, katswiri wa ku University of South Florida yemwe wafufuza kwambiri nkhaniyi, anapeza kuti ophunzira amene amayeserera masamu osakaniza amavutika pamene akuyeserera, koma mayeso akadzabwera patapita masiku amakhoza bwino kuposa anzawo ozolowera mtundu umodzi pa tsamba. Ndiye kulakwitsa komwe mwaonaku kusakuopseni. Ino ndi nthawi yoyamba imene masamu amufunsa mwanayo kuti aganize asanawerengetse.

Poyambira pabwino ndi patebulo, cholembera chili pambali. Tengani timiyala 24 kapena zitsekerero za mabotolo, muziyale m'mizere 4, mzere uliwonse zikhale 6. Mufunseni kuti zonse ndi zingati, ndiye 4 × 6. Azungulire ayime mbali yoyandikana nayo ya tebulo, aona mizere 6 ya timiyala 4, ndiye 6 × 4. Tsopano phimbani zonse ndi pepala, n'kunena kuti: "Pansi apa pali timiyala 24 m'mizere 4, mzere umodzi uli ndi tingati?" Wagawa kale pamenepo, timiyala tisanasunthe. Masamu anayi, 4 × 6, 6 × 4, 24 ÷ 4 ndi 24 ÷ 6, atuluka m'chithunzi chimodzi. Ine ndimakhulupirira kuti ana ambiri amaopa kugawa chifukwa tinawaphunzitsa ngati phunziro lachilendo, pomwe 24 ÷ 6 ndi funso lakuti "6 kangati kuti tipeze 24?" basi. Mwana wodziwa tebulo la 6 yankho ali nalo kale.

Pa masamu a nkhani pali msampha womwe umandidetsa nkhawa kwambiri, wophunzitsa ana kusaka mawu. Ena amauzidwa kuti ukaona mawu akuti "aliyense" ugawe. Taonani awa: ana 4, aliyense ali ndi mapensulo 6, onse ndi angati? Apa n'kuchulukitsa. Mapensulo 24, ana 4, aliyense alandira angati? Apa n'kugawa. Liwu ndi lomwelo. Funso lomuthandiza ndi lakuti: chiwerengero cha zonse tikuchidziwa kale, kapena ndicho tikufuna? Ngati tikuchifuna, tichulukitse. Ngati tili nacho, tigawe. Musaiwalenso kumupatsa kugawa kwa mtundu wachiwiri, kopanga magulu: mapensulo 24, bokosi lililonse mulowa 6, mabokosi angati? Ana ambiri amangodziwa kugawana pakati pa anthu, ndipo funso la mabokosi limawasokoneza.

Tibwere ku 24 ÷ 4 × 3 ija. Mwana wanu anayamba ndi 4 × 3, napeza 12, kenako 24 ÷ 12 napeza 2. Kuwerengetsa konseko n'kolondola, cholakwika ndi poyambira. Kuchulukitsa ndi kugawa n'zofanana mphamvu, choncho zikakumana pamzere umodzi timayambira kumanzere kupita kumanja: 24 ÷ 4 ndi 6, ndipo 6 × 3 ndi 18. Mawu achingerezi okumbutsira choyambira pa samu, monga PEMDAS, amasokeretsa pamenepa, chifukwa M wa kuchulukitsa walembedwa patsogolo pa D wa kugawa, ndiye mwana amaganiza kuti kuchulukitsa kumayamba nthawi zonse. M'mawu ena okumbutsira akuti BODMAS, D ndiye ali patsogolo, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti palibe chachikulu pa ziwirizi. Muuzeni ngati nkhani: mapensulo 24 aikidwa mofanana m'mabokosi 4, iwe watenga mabokosi 3, uli ndi mapensulo angati? Awerenge ndi timiyala tija, apeza 18. Kenako mulembereni 24 ÷ (4 × 3) pambali pake kuti aone kuti 2 wake uja amabwera pokhapokha pali mabulaketi.

Zoyeserera zisachuluke. Mphindi khumi patsiku, masamu asanu ndi atatu osakaniza, n'zokwana. Asanayankhe azizunguliza chizindikiro ndi pensulo ndi kuchitchula mokweza. Akagawa, adzichonge yekha pochulukitsa: ngati wapeza kuti 42 ÷ 7 ndi 5, ayese 5 × 7, aona 35, ndipo adziwa yekha kuti pali cholakwika inu musanalankhule. Masiku oyamba azichedwa kumaliza kuposa kale, ndipo mwina adandaula kuti masamu avuta. Musamuthamangitse.

Pakatha sabata ziwiri mupatseni 36 ÷ 6 × 2, osamukumbutsa chilichonse. Akalemba 12, zalowa. Akalemba 3, mutulutsenso timiyala tija, ndipo mundilembere zomwe wanena pofotokoza mmene wapezera yankholo.