Tifunseni: Gawo la a njinga lili pati pa ndalama za misewu?

FUNSO: Ndimapalasa kabaza pakati pa Area 25 ndi Kanengo. Misewu ikukulitsidwa mu Lilongwe muno, koma ife a njinga ndi oyenda pansi tikungopanikizana m'mphepete. Kodi ndalama za misewu zimachokera kuti, nanga gawo lathu lili pati? Wakabaza, Area 25.

YANKHO: Bambo, thumba lokonzera misewu limasungidwa ndi Roads Fund Administration, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006 pamodzi ndi Roads Authority, bungwe loyang'anira ntchito zomanga ndi kukonza misewu. Ndalama zambiri zimachokera ku msonkho wa pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, zina ku zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi Kalinyeke mu msewu wa M1. Misewu ikuluikulu yatsopano nthawi zambiri imadalira bajeti ya boma, ngongole kapena thandizo lakunja.

Vuto lagona apa. Phula limagulidwa kunja, ndiye kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomweyo imapaka msewu waufupi. Zikatero, zoyamba kudulidwa ndi zomwe ena amaziona ngati zokometsera: kanjira ka oyenda pansi, zivundikiro za ngalande, magetsi, mizere yowolokera. Kumeneko n'kulakwitsa, chifukwa zimenezi ndi zotchipa poyerekeza ndi phulalo.

Muone bwino m'mphepete mwa msewu wopanda konkire yotchinga. Madzi a mvula amakokolola dothi, phula n'kumabenthuka pang'onopang'ono mpaka kusiya chidikha. Mchenga nawo umaunjikana pomwepo. Wanjinga wonyamula munthu akathawa mchengawo amalowa mkati, kumene minibasi ikudza ndi liwiro. Kanjira kabwino ka oyenda pansi kamafunika mita imodzi ndi theka kapena awiri, kuti wobereka mwana apishane ndi wosenza katundu popanda wina kutsikira mu msewu.

Ena amati a njinga salipira msonkho wa mafuta. Komatu ufa ndi sopo zomwe mumagula zinabwera pa lole, ndipo mtengo wa dizilo uli momwemo.

Nthawi yolankhula ndi pamene mapulani akujambulidwa, kontirakitala asanafike. Misewu ya m'malokeshoni ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda, choncho lembani kalata ngati gulu la akabaza, kudzera kwa khansala wanu. Tchulani malo enieni, monga pa sukulu kapena pa msika, ndi chimene mukufuna: mahampu, mizere yowolokera kapena kuvundikira ngalande. Kope lina la kalatayo lisungeni, lodindidwa tsiku lomwe a khonsolo ailandira.