Mbewu ankaipachika pamwamba pa mafuwa

Mnyamata wina wa ku Malindi, amene amapikula usipa padoko n'kukagulitsa ku Limbe, wandifunsa kuti: "Agogo, chaka chilichonse ndimati feteleza ndigula mawa, mvula n'kugwa ndalama zitatha. Ulesiwu ndiuthetse bwanji?"

Mdzukulu wanga, munthu wodzuka tambala woyamba kukadikira maboti si waulesi. Ukanandifunsa kuti ndalamazo uziike pati pamene dzanja lako silifika.

Amayi anga, tikakolola mu Meyi, tsiku lomwelo ankasankha chimanga chonenepa, n'kuchimanga m'mitolo ndi makoko ake omwe, n'kuchipachika kudenga pamwamba pa mafuwa. Utsi unkathamangitsa anankafumbwe, kutalikako kunkathamangitsa ife. Ndikukumbuka chaka china nkhokwe itatha msanga, mu Novembala tikugonera mango aawisi ophika, maso ali kudenga, koma palibe anakwera. Amayi ankasankha mbewuyo mimba ili yokhuta podziwa kuti munthu wanjala saganiza za mawa. Abambo nawo akagulitsa chambo cha ku Malombe, nthawi imeneyo chidakali chambiri, gawo lina la ndalamazo ankakasungitsa kwa amalume awo, mtunda wa theka la tsiku. Kuti akazitenge ankayenera kukhala pamkeka n'kufotokoza chifukwa chake. Manyazi amenewo ndiwo anali loko. Mwambo wosungitsawu ndi umene ukundiwawa kuuona ukutha.

Lero ndalama zimagona nawe pamutu mu Airtel Money kapena Mpamba. Bandulo apa, kubetcha mpira apo, palibe wokufunsa. Sindikudana nayo foni, ana anga a ku Joni amanditumizira momwemo, koma inu achinyamata mumabisirana zachuma ngakhale ndi makolo anu, mukuti ndi chitukuko. Mumagulitsa chimanga kwa mavenda pokolola chili chotchipa, mu Januwale n'kukachigulanso chitakwera, ndi ndalama ya katapila. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Usadandaule, mtima wako si wofooka kuposa wa makolo ako. Ndipo ukanena kuti ndalama yosunga imasungunuka sindikutsutsa, tonse tinaona kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. N'chifukwa chake usasunge mapepala. Ulendo uno ukamachokera ku Limbe, usanafike kunyumba, dzera kusitolo ugule thumba limodzi la feteleza, ulikweze panjinga ukalisiye kwa amalume ako. Yotsalayo ukaponye ku banki m'khonde, kumene anzako adzakufunsa ukajomba.