Yankho kwa achimwene ofuna mashini owotcherera oyenda nawo kutchire

Achimwene, mukuti muli ndi Land Cruiser ya pikapu yomwe mumagulira soya ndi mtedza ku Chulu, ku Chamama mpaka cha ku Santhe, ndipo chitsulo chogwira shoko chitathyoka munagona panjira. Tsono mwaona timashini towotcherera ku Lilongwe tolembedwa 300A, mukufunsa ngati mungagule kamodzi n'kumakayendetsa ndi inverter yolumikiza ku batire ya galimoto, ija imasandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba. Anzanga ena akutchulirani kale mayina a makampani. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera pa Kasungu pano, ndipo ndikuti dzina lisiyeni kaye. Funso loyamba ndi lakuti magetsi mukawatenga kuti kutchireko. Mukayankha limenelo, mashini asankhika okha.

Za inverter ya pa batire, iwalani. Rodi yowotcherera ya 2.5mm imafuna ma amp 70 mpaka 100, ndipo kuti mashini atulutse moto umenewo amakoka mawati pafupifupi 3,000. Mukagawa ndi 12 volts, ndiye kuti batire ikuyenera kutulutsa ma amp 250. Alternator ya galimoto ngati yanuyo, yomwe imatchaja batire, imangopereka cha m'ma 60 mpaka 100 kapena kuposerapo pang'ono. Inverter imayamba kulira mukangogunda rodi pachitsulo, kenako zii, mwatsala ndi batire yakufa pakati pa dambo.

Nambala ya 300A ija musaikhulupirire. Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi ya 13A, pa 230 volts ndi mawati ngati 3,000 basi. Kuwotcherera pa ma amp 300 enieni kumafuna kuposa katatu pamenepo. Kamashini kolemera makilo 4 kokhala ndi waya wopyapyala sikangafikeko, kaya pabokosi alembapo chiyani. Tembenuzani mashiniwo muwerenge kachitsulo kakumbuyo kapena pansi, pomwe pali duty cycle. Akalemba 60% pa 120A, akutanthauza kuti pa mphindi 10 zilizonse mutha kuwotcherera 6, zotsalazo apume. Mashini oona a 140A kapena 160A akukwanirani pa chilichonse cha pa pikapu. Gwiraninso mawaya ake. Ambiri otchipawa amabwera ndi waya wa aluminiyamu wongopakidwa kopa, wamfupi, ndi kilampu yofewa ya earth, ija mumapanira pa chitsulo chomwe mukuwotcherera. Zimenezo mudzasintha ndithu, ziikeni pa bajeti.

Ndiye magetsi. Njira yomwe ndingasankhe ine ndi kamashini kopepuka ka marodi (nakonso amakatchula inverter, koma si ya pa batire ija) pamodzi ndi jenereta ya 5kVA kapena kuposa, yokhala ndi AVR, kachipangizo kothandiza kuti magetsi asamakwere ndi kutsika. Tijenereta tija tosakaniza petulo ndi oyilo, toonetsera mpira m'mavidiyo, sitingayatse n'komwe rodi. Ya 2.5 kapena 3kVA imayesa pa rodi yaing'ono koma imatsamwa, magetsi n'kumakwera ndi kutsika, ndipo n'zimene zimapsereza bolodi ya mashini. Funsani wogulitsa ngati mashiniwo analembedwa kuti amalola jenereta. Ubwino wina wa jenereta ndi wakuti mumayendetserapo girayinda, ndipo kunena zoona theka la ntchito yowotcherera ndi girayinda. Chitsulo chamatope, chadzimbiri, chosapala bwino, ngakhale mutakhala ndi mashini a mtengo wanji chidzathyoka pomwepo.

Palinso ma jenereta owotcherera okhaokha, aja a injini ngati Honda GX390. Ndi olimba, koma kukweza kwake mpaka anthu awiri, ndipo amadya malo a matumba angapo ulendo uliwonse. Amayenera anthu a ma esiteti omwe ali ndi mathirakitala ndi matirela. Komabe ngati mungamawotcherereko ngolo, makasu ndi njinga za anthu kumene mukugulako mbewu, ndalama yake imabwerera.

Pamene ndikufuna mumvetsetse ndi apa, chifukwa mwina simukufunika kugula mashini alionse. Mabatire a galimoto okha amawotcherera. Mukalumikiza awiri a 12 volts motsatizana, positive ya woyamba ku negative ya wachiwiri, mumapeza 24 volts. Atatu amapereka 36. Mbali imodzi yotsala ipite ku chogwirira rodi, inayo ku chitsulo chomwe mukuwotchereracho. Awiri amavuta kuyatsa, rodi imamatirira, koma ya 2.5mm imayenda. Atatu moto wake ndi waukali, umaboola chitsulo chopyapyala, ndipo palibe pochepetsera. Batire yanu ndi imodzi, ina mupempha kwa wa lole kapena thirakitala amene waima kudzakuonani, kapena muziyenda ndi yapadera. M'chikwama muzikhala chogwirira rodi, mawaya onenepa a kopa, tiwaya tiwiri tifupitifupi tolumikizira mabatire, chigoba cha kumaso, magolovesi, hamala ndi burashi ya waya.

Koma mabatirewo muwachotse m'galimoto, muwaike pansi kutali ndi pomwe pakuthetheka moto, muwafunditse chiguduli kapena mati ya labala. Batire imatulutsa mpweya wa hydrogen, kanthethe kamodzi kakagwera pamenepo imaphulika ndi asidi yemwe. Rodi ikamatirira ithyoleni msanga, chifukwa pamenepo mwapanga shoti ndipo mawaya amatentha nthawi yomweyo. Wotchererani pang'onopang'ono, mukupumira, ndipo musaiwale kuti batire yomweyo ikufunika kudzalizanso injini. Uku ndi kuwotcherera kongokufikitsani pa M1 kapena pa boma, osati kokhalitsa.

Marodi tengani 6013 a 2.5mm ndi 3.2mm, amapezeka m'mahadiweya onse ndipo savuta kuyatsa. A 7018 ndi olimba kuposa amenewa, ndi oyenera chesesi ndi mabulaketi, koma amamwa chinyezi. Mukawasiya kuseri kwa mpando dzinja lonse, adzakupatsani weld ya timabowo. Dulani paipi ya pulasitiki, muike zotsekera mbali zonse, muzisungamo.

A bambo ena alemba kuti mugule MIG, ija yowotcherera ndi waya m'malo mwa rodi. Ya gasi kutchire ayi, silinda ndi katundu, komanso mphepo ikangowomba imachotsa gasiyo. Ya waya wa flux, yosafuna gasi, imatheka, kungoti waya wake ukatha muli ku Chamama mudzautenga kuti? Palinso mashini a batire ya lithium ngati Fronius AccuPocket, abwino kwambiri, koma mtengo wake si wa ife ogula soya.

Tsono zina musamawotcherere ngakhale mashini mutakhala nawo. Sipuling'i ndi chitsulo chophikidwa mwapadera, mukaiwotcherera imaduka pambali pa weld pa bampu loyamba. Yendani ndi main leaf (chitsulo chachitali cha sipuling'i) yapadera, senta bawuti ndi ma U-bolt, izi n'zimene zimagoneka anthu ambiri m'misewu yathu yafumbiyi, makamaka mukapakira mopyola. Tie rod, ija ya chiwongolero, mukaiwotcherera, yendani ngati muli pamaliro mpaka pomwe mungagule ina. Thanki ya mafuta musaiyandikire, ngakhale yopanda kanthu, yopanda kanthuyo ndiye yoopsa. Limu musaiwotcherere tayala lili pomwepo, ngakhale mutaphwetsa mpweya, kutentha kumapitirira m'kati mwa labala ndipo limatha kuphulika patapita nthawi inu mutasiya kale. Zowotcherera ndi mabulaketi a shoko, ekizozi, bodi, bampala, chokokera tirela ndi mng'alu wa chesesi. Pa chesesi boolani kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, palani ngati V, ndipo mukafika kunyumba aikepo chigamba cha chitsulo.

Powotcherera pa galimoto chotsani waya wa batire, ndipo kilampu ya earth ikhale pafupi penipeni ndi pomwe mukugwira ntchito, pachitsulo chopala. Mukaiika kutali, magetsi amadzera m'mabering'i ndi m'mawaya ang'onoang'ono. Amene muli ndi Hilux za D-4D ndi zina za kompyuta, apa samalani koposa. Onaninso mapaipi a mafuta ndi a mabuleki amene amadutsa m'mbali mwa chesesi. Ndipo mwezi wa September ndi October, udzu uli gwaa, lambulani pansi ndi khasu musanayatse, chigubu cha madzi chili pambali. Kufupi ndi malire a Kasungu National Park kapena pafupi ndi zigafa za fodya za eni, moto wolusa ndi mlandu wina.

Chigoba musachisiye n'kumati ndingotsinzina. Maso amadzayamba usiku, misozi osaleka, ngati wina wathiramo mchenga, ndipo m'mawa simungayendetse. Magalasi a dzuwa sathandiza.

Ndiye kwa inu, achimwene, ndikanayamba ndi chikwama cha mawaya ndi marodi chija, batire yapadera ndi masipeya a sipuling'i. Mashini ndi jenereta mudzagule mukaona kuti maulendo akuchuluka. Musanapite nazo kutchire, pitani kwa wowotcherera aliyense pa msika, mumulipire kangachepe, mupsereze paketi ya marodi pa zitsulo zotaya. Muyeserenso mutagona chagada kunsi kwa galimoto, poti bulaketi ya shoko muikaipeza kumeneko.