Kodi ndingatani kuti banki isiye kundiimbira foni zotsatsa malonda?

Mayi wina wanditumizira imelo yodandaula kuti banki yawo imawaimbira foni pafupipafupi, nthawi zina ali pa ntchito, kuwanyengerera kuti atenge ngongole kapena inshuwalansi, ndipo ngakhale amakana nthawi zonse, mafoniwo sakutha. Akufunsa ngati pali njira yowaletsera popanda kutseka akaunti.

Njira ilipo, mayi, koma kukana pakamwa pokha sikokwanira. Nthawi zambiri wokuimbiraniyo ndi wantchito chabe, mwinanso wa kampani ina imene banki inaipatsa ntchitoyo, ndipo amangotsatira mndandanda wa manambala umene kompyuta yamupatsa. Mukati "sindikufuna", iye amalemba kuti mwakana ngongole ya tsikulo, koma dzina lanu limatsalabe pa mndandandapo. Gwero la vutoli kawirikawiri limakhala fomu imene munasaina potsegula akaunti, pamene pamakhala kabokosi kakang'ono, pakati pa timalemba tovuta kuwerenga, kovomereza kuti banki izikudziwitsani za malonda ake ena. Chilolezo chimenecho ndicho chiyenera kuchotsedwa.

Choncho lemberani banki kalata kapena imelo yonena kuti: "Ndikuchotsa chilolezo chogwiritsa ntchito nambala yanga potsatsa malonda, kaya ndi inu kapena makampani amene mumagwira nawo ntchito." Pemphani kuti akuyankheni molemba, ndipo musunge kope lake. Muonjezerepo kuti mauthenga a ndalama zolowa ndi zotuluka, komanso machenjezo a zachinyengo, apitirire kubwera. Ichi ndicho chifukwa chake sindilimbikitsa kungotsekereza nambala ya banki pa foni, pakuti tsiku lina angakufuneni pa nkhani yoti wina akuba ndalama zanu.

M'maiko ambiri lamulo lili kumbali yanu. M'maiko a ku Ulaya a m'bungwe la European Union, ndime 21 ya lamulo loteteza zinsinsi za anthu lotchedwa GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, imapatsa munthu ufulu wokana zotsatsa zotere, ndipo kampani iyenera kusiya ngakhale iye asapereke chifukwa. Ku America, kaundula wa Do Not Call, wolembetsamo manambala a anthu osafuna kuimbiridwa foni zotsatsa malonda, anakhazikitsidwa mu 2003, komabe kampani imene mumachita nayo malonda imaloledwa kukuimbirani mpaka miyezi 18 kuchokera pamene munachita nayo malonda komaliza, pokhapokha mutaiuza nokha kuti isiye. Ndiye kuti kulembera banki mwachindunji n'kofunika ngakhale kumene kuli kaundula wotere.

Mafoniwo akapitirira, muzilemba tsiku, nthawi ndi nambala imene yakuimbirani, kenako mupereke umboniwo ku ofesi ya madandaulo ya bankiyo. Akapanda kukuthandizani, pitani ku bungwe loyang'anira mabanki kapena loteteza zinsinsi za anthu m'dziko lanu.

Samalaninso ndi woimba foni amene anganene kuti akufuna PIN yanu, kapena manambala achinsinsi amene abwera pa meseji, kuti akuchotseni pa mndandanda. Banki siifunsa zimenezo pa foni, choncho dulani foniyo pomwepo, ndipo muimbire banki nokha pa nambala yolembedwa kuseri kwa khadi lanu.