Akuti tisiye kuwadyetsa bambo odwala sitiroko: kodi si nkhanza zimenezi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene bambo ake anadwala sitiroko miyezi iwiri yapitayo. Ndaifupikitsa motere: "Bambo anga anafa dzanja ndi mwendo wakumanja. Amapanga mafizo kuchipatala, koma atiuzanso kuti tizionana ndi occupational therapist. Titapita koyamba, munthuyo sanawawongole n'komwe. Anangowapatsa malaya kuti avale, iye n'kumangoyang'ana. Pomaliza anatiuza kuti tisiye kuwadyetsa ndi kuwaveka. Mtima ukundiwawa. Bambo anatilera movutikira, ndiye lero tiziwaonerera akulimbana ndi sipuni? Chithandizo chimenechi n'chotani kwenikweni?"

Mayi, pepani ndi matendawa. Yankho langa mwina silikukomerani poyamba: munthu uja wakuuzani zoona, ndipo pamene ankaoneka ngati akungoyang'ana paja, m'pamene ankagwira ntchito yake.

Wa mafizo amasamala za thupi: mphamvu ya minofu, kupinda ndi kuwongoka kwa mfundo, kuimirira osagwa, kuyenda. Occupational therapist, amene ambiri amangoti a OT, amayambira kwina. Iye amafuna kudziwa zimene munthuyo amachita kuyambira podzuka mpaka pogona, ndi chimene chikumulepheretsa tsopano. Kusamba, kuvala, kudya, kupita kuchimbudzi, kulemba, kuimba foni, kubwerera kuntchito. Ntchito za awiriwa zimalowana ndithu, koma munthu akhoza kumakweza dzanja bwinobwino pa mafizo, n'kukalephera kumanga mabatani atafika kunyumba.

Malaya aja anali mayeso. Ife timavala osaganizira, koma muli zambiri m'menemo. A OT ankaona ngati bambo akutha kukhala osapendekeka pamene dzanja lili pa ntchito ina. Ankaona ngati akuzindikira kutsogolo ndi kumbuyo kwa malayawo, ngati akudziwa choyamba ndi chotsatira, ndiponso kuti akutopa atafika pati. Zimenezi n'zofunika chifukwa sitiroko siwononga mphamvu yokha. Bambo anu anafa mbali yakumanja, kutanthauza kuti vuto linachitika kumanzere kwa ubongo, poti mbali iliyonse ya ubongo imalamulira mbali inayo ya thupi. Anthu otere kawirikawiri amavutikanso ndi mawu, ndipo ena amasokonezeka ndondomeko ya zochita ngakhale dzanja labwino lili ndi mphamvu zonse: mswachi ali nawo m'manja, akuudziwa, koma poyambira sakupaona. Amene anafa mbali yakumanzere nthawi zambiri amakhala ndi vuto lina, loiwaliratu mbali imeneyo, mpaka kudya theka la mbale kapena kumeta tsaya limodzi. Zonsezi simungazione ngati munthu akuvekedwa ndi kudyetsedwa ndi ana ake.

Tsopano pa nkhani imene yakupwetekani. Mbali ya ubongo imene inafa sidzukanso, koma mbali zoyandikana nayo zimatha kuphunzira ntchito imene inatayika. Zimaphunzira pobwereza, kambirimbiri, ndipo zimaphunzira bwino chinthu chenichenicho chimene munthu akuchita. Zili ngati njira yodutsa m'tchire: ikamapondedwa imaoneka, ikasiyidwa udzu umaitseka. Katswiri wina wa ku America, Edward Taub, anaonetsa kuti dzanja lofooka likalephera kangapo, mwini wake amazolowera kulisiya, ndipo limakhala losagwira ntchito ngakhale mphamvu zina zitabwerera. Pa maziko amenewa panabadwa njira yophimba dala dzanja labwino kwa maola angapo kuti lofookalo likakamizike kugwira ntchito. Imeneyo si ya aliyense, ndipo musaiyese panokha, koma ikusonyeza kukula kwa nkhaniyi. Kuchira kumathamanga kwambiri m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira. Kumapitirira pambuyo pake, koma pang'onopang'ono. Inu muli pa mwezi wachiwiri. Nthawi iliyonse imene mwawalanda sipuni chifukwa cha chisoni, mwawalandanso mpata wophunzira pa nyengo imene ubongo uli wokonzeka kwambiri.

Komatu sakutanthauza kuti muwaikire mbale n'kutuluka panja. Khalani pomwepo. Dikirani kaye, ngakhale mtima ukukuuzani kuti lowererani. Akalephera kupitiriza, auzeni chochita ndi mawu ochepa. Zikakanika, gwirani dzanja lawo n'kulitsogolera, osati kuwachitira. Pa ntchito yaitali ngati kuvala, inu mukhoza kuyamba, iwo n'kumalizitsa gawo lotsiriza, kenako magawo awiri otsiriza, choncho mpaka ntchito yonse ikhale yawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo musayese zonse tsiku limodzi, chifukwa odwala sitiroko amatopa msanga kuposa mmene amaonekera. Sankhani nthawi imene ali ndi mphamvu.

Zinthu ziwiri zokha ndikuchenjezeni. Ngati akutsokomola kapena kutsamwa pakudya ndi pakumwa, kapena mawu akumveka ngati muli madzi pakhosi, kanenereni kuchipatala msanga, chifukwa chakudya chikalowera kumapapo chimayambitsa chibayo. Chachiwiri, musawadzutse powakoka dzanja lofookalo. Minofu yogwira phewa imakhala yofooka, phewa limatha kuguluka pang'ono, ndipo ululu wake umabwezera zonse m'mbuyo.

Si zonse zimene zidzabwerere, ndipo pamenepa m'pamene ine ndimawaona a OT kuti ndi anthu anzeru. Dzanja likakana, amasintha kachitidwe. Povala amayamba kulowetsa dzanja lofooka, povula amamalizira lomwelo. Ambiri amachita mosemphanitsa n'kumadabwa kuti malaya akukana. Kachitidwe kakakana, amasintha chipangizo: chogwirira cha sipuni amachikulitsa pochikulunga ndi nsalu kapena siponji kuti zala zisavutike kufumbata, pansi pa mbale amaika kansalu konyowa kuti isaterereke, mabatani amawasinthanitsa ndi zomata. Chipangizo chikakana, amasintha nyumba: mpando m'bafa, chitsulo chogwirira pakhoma la chimbudzi, kuchotsa zoyala pansi zimene zingawakole, kuwonjezera kuwala panjira yopita kuchimbudzi usiku. Zambiri mwa izi sizifuna zipangizo zodula. Zimafuna munthu woonetsetsa.

Ntchito ya a OT inakhazikitsidwa monga luso lapalokha mu 1917 ku Clifton Springs, m'chigawo cha New York ku America. Mmodzi mwa oyambitsa ake, George Barton, sanali dokotala. Anali katswiri wojambula mapulani a nyumba amene anadwala TB nthawi yaitali, ndipo anadzilimbitsa yekha ndi ukalipentala ndi ulimi wa m'dimba. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabweretsa asilikali ambiri ovulala, ntchitoyi n'kukula. Bungwe la dziko lonse la akatswiriwa, World Federation of Occupational Therapists, linayamba mu 1952. Lero amathandiza ana obadwa ndi vuto la ubongo lowumitsa ziwalo, ana ovutika kugwira pensulo, anthu opsa ndi moto, a nyamakazi, okalamba oiwalaiwala, ndi odwala maganizo amene asiya kudzisamalira.

Pali mbali ina imene simunaifunse, koma ndiitchula. Pafupifupi mmodzi mwa anthu atatu alionse odwala sitiroko amagwidwa ndi matenda a kukhumudwa. Taganizirani munthu amene anali mutu wa banja, lero akusambitsidwa ndi mwana wake. Ambiri sanena, amangokhala duu, achibale n'kumati matenda akula. Ndikuganiza kuti kutha kupita okha kuchimbudzi n'kutseka chitseko kungawakomere bambo anu kuposa chisamaliro chonse chimene mungawapatse. Mukaona kuti sakufuna kudya, sakugona, kapena akungolira, auzeni adokotala, chifukwa zimenezo zili ndi chithandizo chake.

Mukamapitanso, jambulani pa foni bafa, chimbudzi, bedi, masitepe ndi pamene amadyera, mukawaonetse a OT. Muwapemphe akuonetseni ndi manja mmene mungathandizire, ndipo amene amakhala ndi bambo masana apite nawo, chifukwa mmodzi akamadikira wina n'kumawadyetsa mobisa, palibe chimene chingayende. A OT akadzafunsa chimene akufuna kuyambiranso kuchita, musawayankhire. Ngakhale mawu atuluke movutikira, kapena angoloza ndi chala, asiyeni bambo anene okha, chifukwa mwina inu mukuganiza za sipuni pamene iwo akufuna kumeta ndevu kapena kusaina dzina lawo.