Makina ocheka matabwa atseka, malonda aima: titani?

Funso: Ndili ndi kalesitilanti pa tauni ina yaing'ono kuno ku Mulanje. Makasitomala anga ambiri anali ogwira ntchito pa makina ocheka matabwa, koma kampaniyo yatseka ndipo bambo a kunyumba ntchito yawathera komweko. Kale ndinkaphika mapoto atatu a nsima, lero limodzi lomwe limatsala. Kope langa ladzaza ngongole. Bambo akuti ndalama zawo zikatuluka agula njinga yamoto ya kabaza. Tichite bwanji? Mayi wa ku Mulanje.

Yankho: Pepani kwambiri mayi. Tiyambe ndi ndalama za bambozo, chifukwa ambiri amalandira zoperewera osadziwa. Lamulo la ntchito la Employment Act limati munthu akachotsedwa chifukwa kampani yatseka kapena yachepetsa anthu, alandire malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyambirira, masabata atatu kuyambira chaka cha 6 kufika cha 10, ndi masabata anayi kuyambira chaka cha 11. Ngati bambo anagwirako zaka 7, ayenera kulandira malipiro a masabata 16. Apo sitinawerengere masiku a tchuthi omwe sanapume, ndiponso penshoni, yomwe bwana amayenera kusonkha 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Asasayine pepala loti zonse zatha asanakaonetse ku ofesi ya leba pa boma. Apite pamodzi ndi anzawo, chifukwa gulu silizengerezedwa ngati munthu mmodzi.

Za njinga, ine ndikukana. Amene ankakwera kabaza pa tauni yanuyo ndi omwewo ntchito yawathera. Ndipo ndikutsimikiza kuti bambo si okha amene akulota njinga. Mwezi wamawa mudzapeza zingapo zatsopano pa siteji, zikulimbirana gogo mmodzi wopita kuchigayo.

Vuto la tauni yanu nali. Matabwa ankagulitsidwa kutali, ndalama n'kubwera pa mapeto a mwezi, n'kudutsa kwa inu, kwa eni nyumba za lendi, kwa telala ndi kwa wogulitsa usipa. Khomo lolowera ndalama lija latsekeka. Mukamangogulitsana nokhanokha, ndalama yomweyo izingochepa, poti sopo, mafuta ndi mayunitsi zimaitulutsa tsiku ndi tsiku. Choncho bizinesi iliyonse yomwe mungayambe, funso loyamba likhale lakuti: wogula wake akuchokera kunja kodi?

Ogula otere alipo. Ogwira ntchito m'minda ya tiyi amalandirabe malipiro, ndiye m'malo modikira kasitomala pa benchi, nyamulani zakudya muwatsatire tsiku lolandira. Msika wa Limbuli ndi chipata cha Muloza pamadutsa anthu a ku Milange ku Mozambique ndi a ku Limbe. Nanazi ndi nandolo zimachoka kuno kupita m'tauni, koma wopindula amakhala venda chifukwa alimi amagulitsa aliyense payekha. Phiri la Mulanje nalonso linalowa pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi wa bungwe la UNESCO mu 2025, ndipo alendo okwerera ku Likhubula amafuna chakudya ndi owanyamulira katundu.

Bambo ali ndi chuma chomwe wakabaza alibe: amadziwa thabwa. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi a pa makina paja atasonkha, angagule zipangizo n'kumakhoza zitseko, mafelemu, madesiki a sukulu ndi ming'oma ya njuchi. Koma asagule ngakhale msomali asanapeze oda, ndipo mitengo ikhale yogula kwa eni ake, ya makalata. Zolowa m'phiri kukadula mkungudza kapena kuotcha makala aziiwale. Mtengowo unatha kale ndi macheka, ndipo akagwidwa, mpamba wonse uthera ku khoti.

Kope lanu lija litsekeni lero. Olemba ngongole ndi anansi anu, mumakumana nawo pa maliro ndi kutchalitchi, ndiye musawachititse manyazi pagulu. Pitani kwa aliyense panokha, mugwirizane kuti ndalama zawo zikangotuluka abweze kaya theka, zotsalazo pang'onopang'ono. Amene alibiretu, landirani nkhuni, chimanga kapena nkhuku. Mukafuna mpamba woonjezera, yambani ndi banki m'khonde, ndipo katapila musamuyandikire mpaka malonda atsopanowo atayamba kulowetsa ndalama sabata ndi sabata. Ngakhale pamenepo, werengani kaye chiwongoladzanja chake.