Mafunso a Owerenga: Kukonza Mahedifoni ndi Kusintha Kamvekedwe Kake

Funso: Ndagwiritsa ntchito Sennheiser HD 650 kwa zaka 4, ndipo masiku ano mawu ake akumveka ogonthera, sakutuluka bwino ngati kale. Ndamva kuti ena amaboola chinkhupule chomwe chili kutsogolo kwa sipika. Kodi nane ndiboole?

Yankho: Sizasi muyambe mwayiika pansi kaye, muone makushoni. Pakatha zaka 4 amakhala ataphwatalala, khutu limayandikira sipika, ndipo mawu apamwamba amachepa. Anthu ambiri amene amadandaula ngati inu amangofunika makushoni atsopano basi. Pa HD 650 palibe guluu: mumakoka kushoni yakale, n'kukanikiza yatsopano m'mbali monse mpaka italira kuti thaa.

Mukasintha koma osakhutira, pamenepo boolani, koma boolani chinkhupule chakale, chatsopano chobwera ndi makushoni atsopanowo musunge. Bowo likhale pakati penipeni, lotambalala mamilimita 24 kapena kuchepera pang'ono. Mawu apamwamba adzakwera pang'ono chabe, ndipo mudziwiretu kuti fumbi ndi tsitsi mwazitsegulira njira. Yambani ndi mbali imodzi, muike nyimbo pa mono kuti makutu onse alandire zofanana, kenako mufananize. Khutu limaiwala msanga. Mukasintha mbali zonse nthawi imodzi mudzangomva zimene mtima wanu ukufuna kumva.

Chinkhupule cha kumbuyo kwa sipika chisiyeni. Ndicho chimaletsa nembanemba ya sipika, yomwe imatulutsa mawu, kugwedezeka mopitirira, ndipo mukachichotsa besi imachuluka koma imakhala yotayirira.

Funso: Mbali imodzi imangodukaduka. Ndinadula chingwe kuti ndiike pulagi yatsopano, koma mtovu ukukana kugwira pa timawaya tofiira ndi tobiriwira. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Utoto mukuwuonawo si wokongoletsa ayi. Ndi vanishi amene amateteza timawayato kuti tisakhudzane, ndipo mtovu sugwira pa vanishi. Musapale ndi lumo, mudzadula tiulusi ta kopa. Tenthetsani chowotcherera kufika madigiri 380 mpaka 400 a Celsius, sungunulani dontho la mtovu kunsonga kwake, n'kulowetsamo mamilimita 3 a waya kwa masekondi 4 kapena 5. Vanishi adzapsa, waya n'kutuluka ukuwala. Ukatuluka wakuda, dulani pamenepo muyambirenso, mutapaka pang'ono flux, mankhwala othandiza mtovu kugwira.

Pa pulagi ya mamilimita 3.5, nsonga ndi ya kumanzere, mphete yapakati ndi ya kumanja, ndipo chigawo chachitali chakumunsi ndi cha waya wobwerera wa mbali zonse. Mitundu ya mawaya musaikhulupirire kwambiri chifukwa makampani amasiyana. Yezani ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Ndipo lowetsani chivindikiro cha pulagi pa chingwe musanayambe kuwotcherera. Ngakhale akatswiri amachiona chili pa tebulo ntchito itatha.

Koma kodi munatsimikiza kuti vuto linali pa pulagi? Mukamaliza, yezani pakati pa nsonga ndi chigawo chakumunsi, kenako pakati pa mphete ndi chigawo chomwecho. Manambala awiriwo ayandikane, ndiponso ayandikire ma ohm (muyeso wa mmene chinthu chimakanira magetsi kudutsa) olembedwa pa mahedifoni anu. Uku mukuyeza, pindani chingwe pang'onopang'ono kuyambira pa pulagi mpaka pamene chalowera m'chikho, chigoba chomwe muli sipika. Pamene nambala idumphe, ndi pomwe waya wathothoka. Ngati chingwe chili bwino, tsegulani chikho muyeze pa sipika penipeni. Ikapanda kuonetsa kanthu, koyilo (kawaya kokulungidwa m'kati mwa sipika) yaduka ndipo sipikayo yatha. Pogula ina samalani ma ohm: Beyerdynamic DT 770 Pro, mwachitsanzo, ilipo ya 32, ya 80 ndi ya 250, ndipo mukasakaniza, mbali imodzi idzamveka kwambiri kuposa inzake.

Powotcherera pa sipika tsitsani moto kufika pafupifupi madigiri 340, ndipo musapitirire masekondi 3. Pulasitiki ya pamenepo imasungunuka msanga, ndipo kawaya ka koyilo, kowonda ngati tsitsi, kamathera pomwepo. Gwirani chowotcherera mwamphamvu chifukwa maginito amachikoka. Jambulani chithunzi musanachotse waya uliwonse: mukasinthanitsa mawaya awiri a sipika imodzi, nyimbo zidzamveka ndithu, koma besi idzafooka ndipo woimba adzasowa pakati, mawu ake n'kumangomveka omwazikana.

Funso: Besi ikagunda, mbali ya kumanzere imalira kuti zzz. Kodi sipika yapsa?

Yankho: Kawirikawiri ayi. Limakhala tsitsi limodzi lomwe lalowa pa kabowo n'kumakhudza nembanemba, ndipo mahedifoni otseguka monga a Grado amadziwika nalo vutoli. Lizani mawu oyesera okwera pang'onopang'ono kuchokera pa 20 Hz mpaka 200 Hz (Hz ndi muyeso wa kukhuthala kapena kuwonda kwa mawu), musakweze voliyumu kwambiri, kuti mumve pomwe phokosolo likuyambira. Chotsani kushoni, unikani ndi tochi chammbali, ndipo tsitsilo mulikoke ndi kopanira kapulasitiki, osati kachitsulo komwe maginito angakakokere pa nembanemba. Mphepo ya kompuresa musayese n'komwe.

Mukapeza kuti nembanemba yapindikira m'kati, matanipo kachidutswa ka tepi ya pepala yomwe mwayamba mwaimata pa nsalu kangapo kuti guluu wake afooke, kenako kokani modekha. Ngati zonse zili bwino koma phokoso likadalipo, onani sikuluwu yomasuka kapena waya womwe ukugunda chikho.

Funso: Mahedifoni anga otsekeka besi yake ndi yochuluka mpaka kukwirira mawu a oimba. Ndingaichepetse bwanji?

Yankho: Njira yosavuta ndi makushoni. Achikopa amatseka mpweya ndipo amasunga besi yonse, pomwe a nsalu ya velour amatulutsako mpweya, besi n'kutsika. Njira yachiwiri ndi kabowo kopumira komwe mahedifoni otsekeka ambiri ali nako pa chikho. Kakatsekedwa, mpweya wa m'kati umalimba, nembanemba siyenda kwambiri, ndipo besi imachepa. Tsekani theka lokha ndi tepi, mumvetsere, kenako muonjezere kapena kuchepetsa.

Ngati chovuta ndi mawu obwereza a m'chikho, ikani thonje lomasula bwino kumbuyo kwa sipika. Yambani ndi theka la galamu mbali iliyonse, loyezedwa pa sikelo osati ndi maso, ndipo lisatseke timabowo ta kumbuyo kwa sipika. Likachuluka, nyimbo zimafa. Fostex T50RP inatchuka pakati pa osintha mahedifoni chifukwa imamva msanga kusintha kwa mtundu umenewu.

Funso: Kodi chingwe cha siliva chimasintha mawu?

Yankho: Pa mahedifoni a ma ohm 300, chingwe cha kopa cha mamita 2 chimaonjezera ohm imodzi kapena kucheperapo, ndipo siliva amangoposa kopa pang'ono popititsa magetsi. Kusiyana kumeneko khutu silingakugwire. Sinthani chingwe ngati chathothoka, chatalika kwambiri, kapena chikuchita phokoso chikakhudza malaya.